Mau Amene Anatsala Pakamwa pa Atate

Pa khonde la nyumba yanga ku Dambwa, mu mzinda wa Livingstone, papachikidwa bolodi lakale la masewera a datsi. Mitundu yake inafwifwa kalekale, waya wake anachita dzimbiri, ndipo pa nambala 20 panakumbika ngati pamene pafukula nkhuku. Alendo akabwera amandifunsa chifukwa chimene mphunzitsi wopuma ntchito, amene sakumwa ndi mowa womwe, amasungira chinthu cha m'mabala. Nthawi zambiri ndimangoseka ndi kuwapatsa mpando. Lero ndafuna kuti ndiyankhe funsolo bwinobwino, pakuti bolodi limeneli linali la atate anga. Masewera ake anatilekanitsa ine ndi iwo kwa zaka zoposa 20, ndipo mau amene amanenedwa posewera ndiwo anadzatibwezera pamodzi.

Atate anabadwira ku Katete, ndipo anafika ku Livingstone m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito pa njanji. Nthawi imeneyo likulu la dziko linali litasamukira kale ku Lusaka mu 1935, koma mzindawu unali usanazizire, chifukwa sitima zochokera kumwera zinali kudutsa pa mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, umene unamalizidwa mu 1905. Njanjiyo inasonkhanitsa mitundu yambiri: Atonga ndi Atoka-Leya amene ndi eni nthaka, Alozi ochokera kumtunda kwa Zambezi, Abemba a kumpoto, ndi ife a kum'mawa. Masewera a datsi anabwera ndi Angerezi, amene kwao amawasewera m'nyumba zomweramo mowa. Ufulu wa 1964 usanafike, munthu wakuda anali kuona bolodi ali pa zenera kapena atanyamula matambula a azungu. Zitseko za makalabu zitatseguka atate analowa nao, ndipo sanachedwe kugwidwa ndi masewerawo. Tsiku lina anafika kunyumba ku Maramba atamangirira bolodi kumbuyo kwa njinga, pakuti a ku kalabu anali atagula latsopano ndipo lakalelo anafuna kulitaya.

Analipachika pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anayeza ndi tepi ya kuntchito kuti pakati pa bolodi pakhale mamita 1.73 kuchokera pansi, ndipo patsogolo pake anakwirira chidutswa cha mtengo wa mukusi wa ku Mulobezi, uja amayala pansi pa njanji, kuti chikhale malire a woponya. Bungwe la World Darts Federation litakhazikitsa mu 1977 kuti woponya aziima pa mtunda wa mamita 2.37, atate anafukula chidutswacho ndi kuchiika pa muyeso watsopano, ngakhale kuti panalibe woyang'anira aliyense amene akanafika kuseri kwa nyumba yathu. Malire amenewa Angerezi amawalemba "oche" koma amawatchula oki, ndipo limeneli ndilo liu loyamba la masewerawa limene linalowa m'khutu mwanga.

Loweruka lililonse masana pansi pa mangoyo pankasonkhana amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi. Panali mkulu wina wa Chilozi woyendetsa sitima, Mtonga wina wogulitsa nyama, Mbemba wina kalaliki wa ku positi ofesi, ndi ena amene anali kubwera mwa apo ndi apo. Popatsana moni aliyense anali ndi chinenero chake, koma akaima pa oki onse anali kulankhula chimodzi.

Mu 1977, ndili ndi zaka 11, atate anandipatsa choko ndi kundiimika pambali pa bolodi. Munthu wotere Angerezi amamutcha "chalker", koma ife tinkati wachoko. Ntchito yake ndi kuona pamene mivi yalasa, kulengeza chiwerengero, ndi kuchichotsera pa zimene zatsala. Amatsegula masewera ndi mau akuti "game on", ndipo onse amakhala chete. Amawatseka ndi mau akuti "game shot", ndipo palibenso kutsutsa. Kwa owerenga amene sanaonepo masewerawa ndifotokoze pang'ono. Bolodi ndi lozungulira, logawidwa m'magawo 20 monga mmene amai amadulira chikondamoyo. Aliyense amayamba ndi 501, amaponya mivi itatu pa ulendo umodzi, ndipo wopambana ndi amene wayamba kufika pa ziro. Kumphepete kwa bolodi kuli kamzere kopyapyala kozungulira, dabulo, kamene kamachulukitsa nambala kawiri. Chapakati kuli kenanso, tirebulo, kochulukitsa katatu. Pakatikati penipeni pali kadontho kofiira ka 50, kozunguliridwa ndi kobiriwira ka 25. Lamulo lalikulu ndi lakuti muvi wotsiriza uyenera kulasa pa dabulo kapena pa kadontho kofiirako. Ngakhale uthamange bwanji poyamba, ngati dabulo yakukana ndiye kuti sunafike.

Mau a Chingerezi akafika pansi pa mango wathu anali kuvala malaya ena. Kadontho kofiira kaja eni ake amakatcha "bull's-eye", ndiye kuti diso la ng'ombe yamphongo, ndipo mwachidule amati "bull". Ife a kum'mawa tinkati bulu, ndipo Mtonga uja, pokhala munthu wa ng'ombe, ankadandaula kuti tasandutsa nkhunzi yake kukhala bulu wokoka ngolo. Chiwerengero cha 100 dzina lake ndi "ton". Anthu a njanji analidziwa bwino liu limeneli kaamba ka matani a malasha ndi a mkuwa amene sitima zao zinali kukoka, koma m'Chinyanja linali kumveka ngati funso. Wina akalasa 100 mnzake ankafunsa dala kuti, "Watani?" ndipo iye ankayankha monyada kuti, "Tani!" Chiwerengero chachikulu koposa chimene mivi itatu ingapeze ndi 180, "ton-eighty", ndipo pansi pa mango wathu chinali kuoneka mwa kamodzikamodzi ngati mvula ya mu Julayi. Mivi itatu ikalowa m'kachipinda kamodzi amati "three in a bed"; atate, poona kuti pali ana, ankamasulira kuti ana atatu pa mphasa imodzi. Dabulo ya 20 ndi "tops", chifukwa ili pamwamba penipeni pa bolodi. Munthu akalasa nambala imodzi pa malo ake wamba, pa dabulo ndi pa tirebulo, ndiye kuti wachita "Shanghai", dzina la mzinda wa ku China umene pakati pathu panalibe ndi mmodzi yemwe anauona.

Koma chimene ndinazindikira nditakula ndi chakuti ambiri mwa mau okoma a masewerawa ndi maina a kuphonya. Amene anandandalika manambala a pa bolodi anali munthu wochenjera ndiponso wouma mtima. Anaika 20 pakati pa 5 ndi 1, ndi 19 pakati pa 7 ndi 3, kotero kuti wofuna zazikulu akapotoka pang'ono amakolola zazing'ono. Motero chiwerengero chimene wosewera wamba amachidziwa ngati m'bale wake ndi 26, ndiye kuti 20, 5 ndi 1. Dzina lake ndi "bed and breakfast", malo ogona ndi chakudya cha m'mawa, chifukwa akuti kale ku England mlendo ankalipira mashileni 2 ndi mapeni 6 pa zimenezi. Atate ndi anzao sanafune womasulira, pakuti ndalama zimenezo anazigwira ndi manja ao kufikira kwacha ndi ngwee zitabwera mu 1968. Mivi ikamwazika uku ndi uku popanda chanzeru, limenelo ndi "bag of nails", thumba la misomali. Muvi ukabaya kumchira kwa unzake umene uli kale pa bolodi, ameneyo ndi "Robin Hood", katswiri wa uta wa m'nthano za Angerezi. Anthu amaomba m'manja, koma muviwo suwerengedwa. Wopyola oki ali ndi "wet feet", mapazi onyowa, ndipo Mlozi uja ankangoti, "Tulukani mu Zambezi, akulu, ng'ona zingakugwireni." Wogonja ndiye amayamba masewera otsatira, ndipo amamuitana kuti "mugs away", kutanthauza kuti opusa ayambe. Mbemba uja sankataya mwayi wotere. Pokhala pa chimbuya ndi ife a kum'mawa, ankapereka mivi kwa atate ndi manja awiri, nati, "Yambani, akudya mbewa." Atate ankamubwezera za anyani, ndipo onse ankafa nalo phwete.

Amuna amenewa sabata yonse anali kukalipiridwa ndi akapitao, ndipo ambiri anali ndi ngongole. Koma pa bolodi munthu akaphonya anzake anali nalo kale dzina la kuphonyako, ndipo dzinalo linali kumuuza kuti ena ambiri anaphonyapo chimodzimodzi iye asanabadwe. Ndi malo okhawo pamene ndinaona akuluakulu akuseka kulephera kwao popanda manyazi.

Mau awiri okha ndiwo anali olemera. Loyamba ndi "bust". Ukalasa zoposa zimene watsala nazo, kapena ukatsala ndi 1, ulendo wako wonse wafa ndipo ubwerera pamene unali. Lachiwiri ndi "madhouse", nyumba ya amisala, limene ndi dzina la dabulo ya 1. Osewera amakonda kutsala ndi 32, chifukwa ukaphonya dabulo ya 16 ndi kulasa 16 wamba, utsala ndi 16, ndipo dabulo ya 8 ili pafupi pomwepo. Ukaphonyanso utsikira ku dabulo ya 4, kenako ya 2, kenako ya 1. Pamenepo makwerero atha. Watsala ndi 2, malo olasa ndi amodzi okha, ndipo ukalasa 1 wamba ubwerera pomwepo. Munthu angathe kukhala m'menemo kufikira dzuwa litalowa. Anzao a atate ankangoti "Chainama", potchula chipatala cha odwala matenda a maganizo cha ku Lusaka. Liu limenelo sindiphunzitsa adzukulu anga, pakuti matenda si choseketsa, koma ndi mmene ankanenera.

Sindingabise kuti pansi pa mango panali kufikanso mowa, ndipo pamene pali mowa ndalama sizichedwa kutuluka m'thumba. Amai anali kudana nazo zimenezi, koma popeza zinali ngwee zochepa anali kungotseka chitseko cha kukhichini. Kumayambiriro kwa 1980 ndinasankhidwa kupita ku Fomu 1. Amai anali atasunga ndalama za nsapato ndi yunifolomu m'kachitini ka tiyi pamwamba pa kabati. Loweruka lina kunabwera mlendo wa ku Migodi, munthu wodzitama, amene anati iye sasewera zaulere ngati mwana. Atate anali atamwa kale mabotolo angapo. Analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali ndi kachitini kaja m'manja. Ndinakazindikira msanga, ndipo choko chinayamba kunjenjemera m'zala zanga.

Masewera amodzi a 501 amatchedwa "leg", mwendo, ndipo anapangana kuti woyamba kutenga miyendo itatu atenga zonse. Aliyense anatenga iwiri. M'mwendo wotsiriza atate anathamanga natsala ndi 32, mlendoyo akali kutali pamwamba pa 200. Dzuwa linali litapendeka ndipo pansi pa mtengo panali kuyamba mdima. Mivi iwiri inapita kunja. Wachitatu unakhudza waya wa dabulo ya 16, ndipo kwa amene anaima ku oki unali kuoneka ngati walowa. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona bwino lomwe kuti nsonga yake ili kunja kwa waya, pang'ono chabe ngati njere ya mawere. Ndinaganiza za nsapato. Ndinakweza mau, ndinati, "Game shot!"

Anzao anafuula, mlendoyo anang'ung'udza nayamba kupisa m'thumba. Atate anayenda pang'onopang'ono kufika pa bolodi, nayang'anitsitsa osaukhudza muviwo. Kenako anayang'ana ine.

"Uli kunja, mwanawe," anatero. "Ndipo iwe unaona kuti uli kunja. Wachoko sakhala ndi atate wake pa bolodi. Lemba 32."

Ndinalemba. Ulendo wotsatira analasa 16, 8 ndi 4, onse wamba. Wotsatirawo analasa 2. Anakhala mu madhouse maulendo atatu, kufikira mlendoyo anawapeza natsiriza pa tops. Kachitini kanatsala kopanda kanthu. Amai anagulitsa zitumbuwa pa msika wa Maramba kwa miyezi itatu, akudzuka tambala asanalire. Yunifolomu anachita kubwereka kwa mwana wa anansi, ndipo ine ndinayamba Fomu 1 nditavala nsapato za matayala.

Ndinawakwiyira atate pa zinthu ziwiri, ndipo chachiwiri chinali chowawa koposa. Kutchova juga ndi ndalama za sukulu yanga kunali kulakwa koonekeratu. Koma kundichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu, pamene ine ndinali kuyesa kupulumutsa zimene iwo anali kutaya, ndinakuona ngati nkhanza. Mumtima ndinati munthu wotenga za m'kachitini ka mkazi wake sangaphunzitse wina chilungamo. Kuyambira tsiku limenelo sindinaimenso pambali pa bolodi. Chodabwitsa ndi chakuti choko chinanditsatabe. Ndinaphunzira uphunzitsi ku koleji ya David Livingstone mu mzinda momwe muno, ndipo kwa zaka zoposa 30 ana a Giredi 7 anali kudabwa mmene ndinali kuchotsera manambala pamutu iwo asanatsegule kope. Sindinawauze kumene ndinaphunzira zimenezo. Ndi atate tinali kupatsana moni, kukamba za mvula ndi za mtengo wa ufa, basi. Amai anandiuza kangapo kuti chichokere madzulo aja atate sanaikenso ngwee pa masewera alionse, ndi kuti mowa anauleka patapita chaka. Ndinali kumva, koma sindinali kuyankha.

Osewera datsi ali ndi dzina la matenda ena achilendo, "dartitis". Munthu waima pa oki, waloza bwino, koma zala zikukana kutaya muvi. Eric Bristow wa ku England, amene anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu pakati pa 1980 ndi 1986, anavutika nao matendawa pambuyo pa zipambano zakezo. Anga anali a lilime. Kangapo konse ndinapita ku Maramba nditakonza mau, ndi kubwerako ndisanawatulutse.

Mu 2002 atate anagwa m'bafa ndi matenda a sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafooka, ndipo mau atapita. Anali kumva zonse zimene tinali kunena, koma akafuna kupempha madzi pakamwa pao panali kutuluka phokoso chabe. Munthu amene ankaseka ndi Alozi m'Chilozi ndi kukangana ndi Abemba m'Chibemba tsopano anali kumenya mpando ndi chibakera chifukwa chosowa liu limodzi. Tinawatenga pamodzi ndi amai kudzakhala kwathu ku Dambwa. Posamutsa katundu mwana wanga wamwamuna, amene anali ndi zaka 10, anapeza bolodi kuseri kwa kabati, ndi mivi itatu yokulungidwa m'nsalu. Analipachika pa khonde ine ndili kusukulu. Pobwera madzulo, ndisanatsegule geti, ndinamva liu limene ndinali ndisanalimve miyezi inayi. Atate, ali pa mpando wao, anali kunena momveka bwino kuti, "Game on."

Dokotala wina anatifotokozera kuti zimenezi zimachitika. Matendawa akagwira mbali ya kumanzere ya ubongo munthu amalephera kupanga ziganizo zatsopano, koma mau amene anawanena kambirimbiri pa moyo wake, monga kuwerenga manambala, mapemphero oloweza pamtima ndi nyimbo, nthawi zina amatsala. Kwa atate anatsala mau a pa bolodi.

Tsono banja lonse linayamba kuphunzira chinenero chao. Poyamba anali kungotchula zimene mdzukulu wao walasa, koma pang'onopang'ono anayamba kugwiritsa ntchito mauwo pa zinthu zina. Amai akaphika bwino nsomba, iwo ankati, "Tops." Phala likachepa shuga ankati, "Bed and breakfast," ndipo amai, amene anadana ndi mau amenewa zaka zonse zija, ankayankha kuti, "Idyani, abambo, kuno si ku hotela." Akatopa poyesa kuyenda ndi ndodo ankati, "Bust," ndipo tinali kudziwa kuti tibwerere pa mpando, tidzayambanso mawa. Masiku oipa, pamene mutu unali kuwawa ndipo mau onse anali kukana, ankaloza pachifuwa pao nati, "Madhouse." Pamenepo ndipo ndinalimvetsa liulo. Munthu watsala ndi malo amodzi okha, chimene akufuna akuchidziwa ndipo akuchiona ndi maso, koma sakutha kuchilasa.

Anaphunzira kuponya ndi dzanja lamanzere ali chikhalire, ife titatsitsa bolodi. Madzulo ena mu 2003 mwana wanga anandibweretsera choko, nati, "Atate, agogo akuti mulembe ndinu." Pakamwa sanatero, koma anali atandiloza ndi ndodo yao. Ndinaimirira pambali pa bolodi koyamba patapita zaka 23. Masewera a nkhalamba ya dzanja lamanzere ndi kamnyamata anatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo mivi ina tinali kuitola pansi. Potsiriza atate anatsala ndi 16. Anaponya, ndipo muvi unakhudza waya wa dabulo ya 8. Mdzukulu wao analumpha nati walowa. Atate sanayang'ane bolodi, anayang'ana ine. Ndinawerama ndi kuonetsetsa. Kunena zoona ndinafuna kuwapatsa, pakuti ndani akanandidzudzula posangalatsa nkhalamba yodwala?

"Uli kunja, Atate," ndinatero.

Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika, nati, "Tops."

Mnyamatayo ndiye anapambana. Ndinazula mivi ndi kuiika pa miyendo ya atate kuti ayambe masewera ena monga mwa lamulo. Iwo sanaitole. Anadziloza pachifuwa, nati, "Mugs away," ndipo anatambasulira dzanja lao lamanzere kwa ine. Amai anali pa khomo la kukhichini, ndipo kufikira imfa yao anali kunena kuti anamva chimene ine ndinamva: atate anali kupepesa za kachitini kaja, ndipo anasankha kuyamba ndi iwo. Ndinagwada pambali pa mpando, ndinati, "Atate, ndikhululukireni. Ndinanama tsiku lija, ndipo ndakusungirani mkwiyo zaka zonsezi." Anandigwira pamutu kwa nthawi ndithu. Kenako mdzukulu wao, amene sanali kudziwa chimene chikuchitika, anafunsa ngati tikusewera kapena ai, ndipo tinasewera. Atate anamwalira chaka chotsatira, usiku ali m'tulo.

Sindikulemba izi kuti ndiyeretse juga kapena mowa. Nsapato zija zinalipiridwa ndi msana wa amai, ndipo ndikudziwa mabanja ena a m'makomboni mwathu amene anataya zoposa nsapato. Atate analakwa potenga kachitini, ndipo anachita bwino pokana bodza langa. Zonse ziwiri zinachitika madzulo amodzi, mwa munthu mmodzi, koma ine ndili mwana ndinaona choyamba chokha. Makolo athu amati mau a akuluakulu akoma akagonera. Aja akuti wachoko sakhala ndi atate wake pa bolodi anagonera zaka 23, ndipo pamene ndinawayang'ana bwino ndinapeza kuti ndi amene ndinali kuwatsata nthawi yonseyo pochonga mayeso a ana a anzanga ndi a abale anga.

Masiku ano datsi inakula kuposa mmene amuna a pansi pa mango akanaganizira. Mpikisano woyamba wa akatswiri a dziko lonse unachitika mu 1978, ndipo anapambana ndi Leighton Rees wa ku Wales. Mu 1984 John Lowe anatsiriza 501 ndi mivi 9 yokha, ndipo aka kanali koyamba kuti zotere zioneke pa wailesi yakanema. Mu 2019 Fallon Sherrock anakhala mai woyamba kugonjetsa mwamuna pa mpikisano wa dziko lonse wa bungwe la Professional Darts Corporation. Mu 2020 Devon Petersen wa ku South Africa anatenga chikho cha German Darts Championship, ndipo mu Januwale 2025 Luke Littler wa ku England anakhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 17 zokha. Masewera amenewo ndinaonera ndi adzukulu anga. Ndalama ndi zambiri, magetsi ndi owala, koma mau ndi omwe aja: oki, tops, Shanghai, madhouse. Ndinamvanso kuti 170, chiwerengero chachikulu koposa chimene munthu angatsirize nacho ndi mivi itatu, amachitcha "big fish", nsomba yaikulu, ndipo ndinalakalaka Mlozi uja akanakhalapo kuti atiuze kuti ndi nsomba iti ya mu Zambezi. Mabolodi abwino amapangidwa ndi ulusi wa khonje, wambiri mwa iwo wolimidwa kum'mawa kwa Africa. Muvi ukazulidwa ulusiwo umabwerera ndi kutseka bowo, ndipo n'chifukwa chake la atate, ngakhale linakumbika pa 20, lidakali kugwira mivi.

Kwa makolo anzanga ndinganene kuti bolodi pakhomo, popanda botolo ndi popanda ndalama, ndi mphunzitsi wabwino wa masamu, ndipo mwana amene waima ndi choko amaphunzira kunena chimene waona ngakhale chikumupweteka. Kwa inu amene makolo anu akali moyo, phunzirani mau a zimene iwo amakonda, kaya ndi a munda, a msika, a njanji kapena a nsolo, ngakhale mukuwaona ngati opanda pake. Ine ndinawanyoza a atate ngati phokoso la oledzera, ndipo tsiku linafika pamene analibe ena ondiuza nao zakukhosi.

Loweruka masana tsopano wogwira choko ndi mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 9. Sabata yatha ndinalasa 20, 5 ndi 1, ndipo iye analengeza mokweza kuti, "Bed and breakfast, agogo!" Atachotsera 26 molondola anandifunsa kuti shileni ndi chiyani. Tinaika mivi pansi, ndinamukhazika pa mpando uja, ndipo ndinayamba kumuuza za mnyamata wina wa ku Katete amene anabwera kuno kudzafuna ntchito pa njanji.